Kaleredwe ka ana kasintha: ntchito ya mudzi wonse yatsalira kholo ndi boma

Mwana wobadwa m'dziko muno lero akukulira m'banja la ana ochepa, ndipo mwayi wake wopyola zaka zisanu ali moyo komanso wolowa m'kalasi ndi waukulu kuposa umene agogo ake adali nawo. Koma anthu amene ali ndi udindo womuyang'anira, kumudzudzula ndi kumulangiza achepa kwambiri poyerekeza ndi zaka 50 zapitazo.

Pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, m'mabwalo a mafumu ngakhalenso m'maulaliki a pamaliro, dandaulo loti ana a masiku ano alibe mwambo silisowa. Ambiri amaloza chala nkhani za ufulu wachibadwidwe zomwe zidadza ndi ulamuliro wa zipani zambiri m'chaka cha 1994. Komatu ziwerengero za boma ndi mbiri ya malamulo a dziko lino zikuonetsa kuti kusinthaku kudayamba kale chakacho chisadafike, ndipo gwero lake lalikulu ndi kufooka kwa mbumba ndi mudzi, zomwe kale zinkasenza gawo lalikulu la ntchito yolera.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ochuluka zedi. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka la anthuwa lidali la ana osakwana zaka 18.

Mwana adali wa mbumba

Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, mwana amawerengedwa kuti ndi wa kuchikazi. Kale bambo womubereka kawirikawiri ankakhala mkamwini m'mudzi wa mkazi wake, ndipo ngakhale ankalima, kumanga nyumba ndi kuveka banja, mawu omaliza pa mwanayo adali a atsibweni ake, omwe ndi eni mbumba. Mwana akadwala mwakayakaya, akapalamula mlandu kapena akafuna kulowa m'banja, uthenga unkayamba wafika kwa atsibweni. Kumpoto, pakati pa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Ankhonde, komanso pakati pa Asena m'chigwa cha Shire, malowolo ankapereka ana kuchimuna, ndipo udindo womwewo unkagwera abale a bambo ndi azakhali.

Njira ziwirizi zidali zosiyana, koma zinkagwirizana pa mfundo imodzi yakuti kulera sikudali kwa anthu awiri okha. Chilankhulo chomwe chimachitira umboni. Mchemwali wa mayi ndi mayi wamkulu kapena wamng'ono, mchimwene wa bambo ndi bambo, ndipo ana awo ndi abale enieni. Mwana wokulira pamudzi wotere ankakhala ndi amayi angapo, ndipo aliyense wa iwo adali ndi mphamvu yomutuma, kumudyetsa ndi kumulanga popanda kupempha chilolezo kwa womubereka. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe udali lamulo logwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Mwana akayamba kuguluka mano ankasiya kugona m'nyumba ya makolo ake. Atsikana ankapita kukuka kwa agogo, anyamata ku mphala kapena ku gowelo, komwe wamkulu ankaongolera wamng'ono. Madzulo kudali nthano ndi zilape pamoto. Kukolola kukatha, ana ankamanga timisasa kuseri kwa mudzi n'kumachita masanje, wina bambo, wina mayi, wina mfumu, akuphika tinsima ta chimanga chokunkha m'minda. Akuluakulu sankasokoneza sewerolo chifukwa ankadziwa kuti ndi momwe mwana amayesera udindo umene adzausenze. Masana kudali ntchito: kuweta mbuzi, kuingitsa mbalame ndi anyani kumunda, kutunga madzi, kusinja ndi kubereka khanda pamene mayi ali ndi khasu m'manja.

Mbali imodzi ya dongosololi ndi yofunika kuimvetsa chifukwa ndi imene yasiya mpata waukulu lero. Kholo silinkalankhula ndi mwana womubereka lokha nkhani za kutha msinkhu ndi za m'banja. Mwambo sunkalola. Imeneyo idali ntchito ya agogo, azakhali ndi anamkungwi, ndipo inkachitika kuchinamwali, kudambwe, kujando kapena kunsondo, malinga ndi mtundu wa anthu. Mipingo itakhazikika siidathetse njira imeneyi, koma idaitembenuza n'kuyambitsa chilangizo cha mumpingo, alangizi n'kulowa m'malo mwa anamkungwi. Buku la John Gwengwe lotchedwa Kukula ndi Mwambo, lomwe ambiri mwa akuluakulu a m'maofesi adaliwerenga kusukulu, limafotokoza moyo umenewu pakati pa Achewa.

Izi zili choncho, moyo wa mwana wa nthawi imeneyo sudali wofewa monga momwe ena amaukumbukira. Kafukufuku wa zaumoyo wa Malawi Demographic and Health Survey wa m'chaka cha 1992 adapeza kuti ana 234 mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira asadakwanitse zaka zisanu, kutanthauza pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi. Mtsikana akangotuluka kuchinamwali ankaonedwa kuti wakwana kukwatiwa. M'madera ambiri ana ankaletsedwa kudya mazira, ndipo nyama yabwino idali ya akuluakulu. Mwana sankayankha wamkulu ngakhale wamkuluyo atamulakwira, choncho nkhanza zochitidwa ndi wachibale zinkathera m'nyumba poopa kuchititsa manyazi mtundu. Miyambo monga fisi, kusasa fumbi ndi kupimbira idakhalitsa chifukwa cha kumvera komweko kumene anthu amakulakalaka lero.

Ming'alu idayamba kale

Mphamvu za mbumba zidayamba kugwedezeka atsamunda atakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Pofuna ndalama, amuna zikwizikwi adapita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ena n'kukhala matchona. Maulendo a Wenela adaimitsidwa m'chaka cha 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, adayambiranso patapita zaka zochepa, kenako adatha m'chaka cha 1988. Pa zaka zonsezi mibadwo ingapo ya ana idakula bambo ali kutali, koma popeza mbumba idali yolimba, mpata wa bamboyo unkatsekedwa ndi atsibweni ndi agogo.

Chimene chidasintha zinthu kwambiri ndi malipiro a pamwezi ndi sukulu. Bambo wolandira ndalama adayamba kulipirira ana ake fizi, ndipo wolipira fizi ndiye amakhala ndi mawu. Ogwira ntchito m'boma adali m'gulu loyamba kulawa moyo umenewu. Mphunzitsi, wapolisi kapena kalaliki ankatumizidwa kuboma lakutali ndi kwawo, n'kumakhala m'nyumba ya boma ndi mkazi ndi ana, kutali ndi atsibweni a mbali zonse ziwiri. Likulu litasamuka kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, mabanja otere adachuluka. Komabe nyumba zimenezi sizinkakhala za ana obereka okha. Zinkadzaza ndi adzukulu ndi ana a achemwali obwera kudzaphunzira, ndipo alipo akuluakulu ambiri m'boma lero amene adafika pomwe alipo chifukwa chogona pabalaza pa malume awo.

Ulamuliro wa chipani chimodzi udaonjezera mtundu wina wa mwambo. Dr Hastings Kamuzu Banda ankadzitcha nkhoswe ya amayi onse a m'dziko muno, ndipo ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo zinkaphunzitsidwa m'sukulu. Gulu la Malawi Young Pioneers ndi sabata ya achinyamata zinkaphunzitsa ntchito za manja ndi kumvera mosafunsa. Lamulo la kavalidwe la m'chaka cha 1973 linkaletsa amayi ndi atsikana kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Lamuloli lidachotsedwa m'chaka cha 1993, chaka chomwenso asilikali adalanda zida a Payoniya. Choncho pamene anthu akumbukira kuti ana a nthawi imeneyo adali aulemu, m'pofunika kusiyanitsa ulemu wophunziridwa kukuka ndi mantha oopa chipani, pakuti ziwirizi zinkayendera limodzi ndipo chimodzi chidatha mwadzidzidzi.

Chaka cha 1994 chidabweretsadi kusintha kwakukulu, koma kudzera m'kalasi. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa ana pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupi ndi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma lidalemba ntchito aphunzitsi zikwizikwi osadzera ku koleji, ana ambiri n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Kuyambira pamenepo, maola amene mwana ankathera kudambo ndi mbuzi kapena pamtondo ndi agogo adayamba kuthera m'manja mwa mphunzitsi mmodzi woyang'anira ana 100 kapena kuposa. M'chaka cha 1993 boma lidali litalola kale kuti mtsikana wotenga pathupi azibwerera kusukulu akabereka, ndipo lamulo la maphunziro la m'chaka cha 2013 lidati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza.

M'Chichewa mawu oti kulera ali ndi matanthauzo awiri, kusamala mwana ndi kutalikitsa uchembere, ndipo m'mbiri ya dziko lino matanthauzo awiriwa ayendera pamodzi. Boma lidaletsa njira zamakono zolera m'zaka za m'ma 1960, n'kudzazilola m'chaka cha 1982 pansi pa ndondomeko yotalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake. Bungwe la Banja La Mtsogolo lidayamba ntchito m'chaka cha 1987. M'chaka cha 1992 amayi 7 okha mwa amayi 100 alionse a pabanja ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono, koma pofika 2015 ndi 2016 adali 58. Chiwerengero cha ana amene mayi mmodzi amabereka chidatsika kuchoka pa 6.7 m'chaka cha 1992 kufika pa 5.7 m'chaka cha 2010 ndi 4.4 m'zaka za 2015 ndi 2016.

Pa nthawi yomweyi imfa za ana osakwana zaka zisanu zidatsika kuchoka pa 234 kufika pa 63 mwa ana 1,000 alionse, kaamba ka katemera, masikito otetezera udzudzu, sikelo ndi ntchito ya alangizi a zaumoyo a m'midzi. Ziwerengero ziwirizi ndi zolumikizana. Kholo likakhala ndi chikhulupiriro kuti mwana wake akula, silionanso chifukwa choberekera ana asanu ndi atatu, ndipo ana ochepawo limawaikira mtima ndi chuma chochuluka. Mwana amene kale ankaonedwa ngati dzanja loonjezera kumunda tsopano ndi munthu wofunika yunifolomu, makope ndi sopo.

Ulamuliro wa nzeru zolera khanda nawo udasamuka. Amayi oberekera kuchipatala adachuluka kuchoka pa 55 kufika pa 91 mwa 100 alionse pakati pa 1992 ndi 2016, azamba n'kutsala pambali. Kale agogo ndiwo ankanena tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, mankhwala omusambitsa ndi nthawi yomuyambitsa phala. Lero namwino akuti mwana ayamwe mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi osapatsidwa ngakhale madzi, ndipo mayi wachitsikana amabwerera kumudzi ndi uphungu wotsutsana ndi wa apongozi ake. Pa nkhani ya moyo wa khanda namwino ndiye akulondola, ndipo ziwerengero zikumuikira kumbuyo. Koma gogo amene mawu ake akanidwa pa za phala sakhalanso ndi mphamvu zomwe adali nazo pa nkhani zina.

Kuchepa kwa malo olima kwaonjezera vutoli. Anthu a m'dziko muno adali 4 miliyoni pa kalembera wa m'chaka cha 1966, ndipo achuluka kuposa kanayi pa nthaka yomweyo. Abale amene kale ankadyera m'mbale imodzi tsopano akukanganirana malire a minda, ndipo achinyamata ambiri, makamaka a m'maboma a Mzimba, Mangochi ndi Nkhata Bay, akupita ku South Africa kukafuna maganyu. Kusiyana kwake ndi nthawi ya Wenela n'kwakuti masiku ano amayi nawonso akupita, ana n'kutsala ndi agogo, kholo n'kumalera kudzera pa foni ndi ndalama zotumiza.

Edzi idathyola msana wa mbumba

Palibe chimene chidagwedeza kaleredwe ka ana m'dziko muno kuposa mliri wa Edzi. Munthu woyamba kupezeka ndi matendawa adadziwika m'chaka cha 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma m'chaka cha 2004. Pa zaka pafupifupi 20 za pakatipa, mliriwu udatenga anthu a msinkhu wobereka ndi wogwira ntchito, omwe ndi makolo, atsibweni ndi azakhali, mizati yeniyeni ya mbumba. Pofika m'katikati mwa zaka za m'ma 2000, ana amasiye ankawerengedwa kuti adali pafupifupi 1 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo adataya makolo chifukwa cha Edzi.

Kale mwana wotaya makolo ankangosamukira m'nyumba ya mayi wamng'ono, ndipo umasiye wake sunkaonekera. Mliriwu utakula, nyumba zolandira ana zidadzaza, agogo okalamba adayambanso kulera makanda, ndipo kudabadwa mabanja oyendetsedwa ndi ana okhaokha, chinthu chomwe makolo akale sakadachimvetsa. Mchitidwe wolanda chuma cha amasiye udakula, wolanda n'kukhala wachibale yemwe mwambo udamuika kuti ateteze anawo.

Apa ndi pamene boma ndi mabungwe adayamba kulowa m'ntchito yomwe kale idali ya pamudzi. M'chaka cha 2003 boma lidakhazikitsa ndondomeko yosamalira ana amasiye ndi ovutika komanso ya maphunziro a mmera mpoyamba, ndipo sukulu za mkombaphala zoyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka zidafalikira m'midzi. Bungwe la Mary's Meals lidayamba kupereka phala kwa ana m'dziko muno m'chaka cha 2002. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa opanda munthu wotha kugwira ntchito, idayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006 ndipo pofika 2018 idali itafika m'maboma onse 28.

Lamulo lidalowa m'nyumba

Dziko la Malawi lidavomereza pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa ana m'chaka cha 1991, ulamuliro wa chipani chimodzi usadathe. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko lino lidapereka kwa mwana ufulu wokhala ndi dzina, wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, komanso wotetezedwa ku ntchito zoononga thanzi ndi maphunziro ake. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 lidaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14.

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi la Child Care, Protection and Justice Act la m'chaka cha 2010. Lidaika pa kholo udindo wosamala, kuteteza ndi kuongolera mwana, lidakhazikitsa makhoti a ana, lidaletsa kukakamiza mwana kulowa m'banja kapena kumupereka ngati chikole cha ngongole, ndipo lidati miyambo yoononga thanzi ndi kakulidwe ka mwana ndi mlandu. Chimene ambiri odandaula za ufulu wa ana sachidziwa n'chakuti lamulo lomweli lidalembanso udindo wa mwana, kuphatikizapo kulemekeza makolo, omulera ndi akuluakulu komanso kuwathandiza pamene akusowa thandizo. Pofalitsa lamuloli m'midzi, mbali ya ufulu idamveka kwambiri kuposa ya udindo, ndipo ichi chidapangitsa makolo ena kuliona ngati mdani.

M'chaka cha 2011 kudadza lamulo latsopano la chuma cha masiye. Lamulo lakale la m'chaka cha 1967 linkagawa chuma cha munthu womwalira osasiya wilo pakati pa mkazi ndi ana mbali imodzi, ndi achibale olowa chuma mwa mwambo mbali ina. Latsopanoli lidaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi ena amene ankadalira womwalirayo, ndipo lidati kulanda chuma ndi mlandu. Lamuloli lidateteza ana ambiri, komanso lidatsimikiza pa pepala chimene chidali chitachitika kale m'mabanja, chakuti mwana ndi wa bambo ndi mayi ake, ndipo atsibweni atsala ndi ulemu wa pa chinkhoswe ndi pamaliro.

Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 lidati munthu azilowa m'banja atakwanitsa zaka 18, ndipo mu February 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo oyendetsera dziko pochotsa mpata umene unkalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Kusintha komweko kudakweza msinkhu wa munthu wotchedwa mwana kuchoka pa zaka 16 kufika pa 18. Mafumu ena adatsogolera ntchitoyi, ndipo wodziwika kwambiri adali malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene idathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa paudindo nyakwawa zowaloleza. Ngakhale zili chomwechi, kafukufuku wa m'zaka za 2019 ndi 2020 adapeza kuti amayi 38 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 20 ndi 24 adakwatiwa asadakwanitse zaka 18, kutsika pang'ono kuchoka pa 42 m'zaka za 2015 ndi 2016.

Pa nkhani ya chilango, chikhulupiriro chofala n'chakuti ana aonongeka chifukwa makolo adalandidwa chikoti. Ziwerengero sizikugwirizana ndi maganizo amenewa. Kafukufuku yemweyo wa 2019 ndi 2020, amene adachitidwa ndi ofesi ya National Statistical Office, adapeza kuti ana 8 mwa 10 alionse a zaka za pakati pa 1 ndi 14 adalangidwa pomenyedwa kapena kukalipiridwa mwankhanza m'mwezi umodzi wokha kafukufukuyo asadachitike. Mkwapulo ulipobe m'nyumba zambiri. Chimene chidatha ndi mphamvu ya mnansi yodzudzula mwana wa mnzake, pakuti lero wotero amayankhidwa kuti alere ake, komanso chilangizo chodekha cha agogo chomwe chinkabwera mkwapulo utatha n'kumufotokozera mwana chimene walakwa.

M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba mwabadwa ubwana wa mtundu wina. Mwana wa m'banja lopeza bwino amakulira mkati mwa mpanda wa njerwa, amapita kusukulu yolipira pa galimoto, akaweruka amakhala ndi wantchito mpaka makolo atabwera madzulo. Phada, fulaye, chipako ndi mpira wachikulunga zalowedwa m'malo ndi wailesi ya kanema, yomwe idayamba m'dziko muno m'chaka cha 1999, komanso foni za m'manja ndi intaneti. M'nyumba zina ana amalankhula Chingerezi chokha, moti akapita kumudzi pa tchuthi satha kucheza ndi agogo awo. Kawirikawiri wantchito wolera anawo amakhala mtsikana wochokera kumudzi, yemwe nayenso ndi mwana woyenera kukhala m'kalasi. Kunja kwa mpandawo kuli ana ogulitsa mandasi ndi madzi m'madepoti, ndi ena ogona m'misewu. Komabe kalembera wa 2018 adaonetsa kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi, choncho ubwana wa mumpanda ndi wa ochepa, ngakhale kuti ndi umene olemba ndondomeko za boma amauona m'nyumba zawo.

Udindo wa bambo nawo ukusintha, ngakhale pang'onopang'ono. Zipatala zimalimbikitsa abambo kuperekeza akazi awo kusikelo, ndipo kusintha kwa lamulo la zantchito kwa m'chaka cha 2021 kudapatsa bambo tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Mbali inayi, mabanja atatu mwa khumi alionse amatsogoleredwa ndi amayi, ndipo milandu ya abambo okana kupereka chithandizo kwa ana awo siisowa m'makhoti. Mwambo wakale unkamasula bambo chifukwa atsibweni adalipo. Kumene atsibweni achoka koma bambo sadalowe m'malo mwawo, mtolo wonse wagwera mayi.

Mpata woopsa kwambiri ndi wa chilangizo. Makolo ambiri akusungabe mwambo wosalankhula ndi ana awo za kutha msinkhu, pomwe agogo ndi azakhali amene ankagwira ntchitoyo ali kutali kapena adamwalira. Sukulu zimaphunzitsa phunziro la Life Skills, mipingo ili ndi alangizi, ndipo m'matauni muli maphwando olangiza mkwatibwi, koma awa amadza ukwati utayandikira, nthawi yofunika chilangizo itapita kale. Ana ambiri akuphunzira nkhanizi kwa anzawo, m'nyumba zoonetsera mavidiyo ndi pa foni.

Kukula kwa udindo umene sukulu yasenza kudaonekera m'chaka cha 2020 pamene sukulu zidatsekedwa kwa miyezi yoposa isanu chifukwa cha Covid-19. Kafukufuku wa boma adapeza kuti atsikana pafupifupi 40,000 adatenga pathupi ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja pa nthawi imeneyo. Ana atabwezedwa kunyumba tsiku lonse, m'midzi yambiri mudalibe dongosolo lowayang'anira monga lidaliri kale.

Zonsezi zikutanthauza kuti ntchito zambiri zimene zidali za atsibweni ndi agogo tsopano zimafika pa desiki ya wogwira ntchito m'boma. Mphunzitsi wamkulu ndiye amayamba kudziwa kuti mtsikana wasiya sukulu. Mlangizi wa zaumoyo ndiye amaona mwana wonyentchera. Wapolisi wa ku Victim Support Unit, woona za chisamaliro cha anthu paboma ndi woweruza wa khoti la ana ndiwo amamva nkhani zimene kale zinkathera kwa ankhoswe, ndipo mwana mwiniwake angathe kuimba nambala yaulere ya 116 kukanena za nkhanza. Kuyambira m'chaka cha 2015 kulembetsa mwana wobadwa ndi lamulo, ndipo chikalata cha kubadwa ndicho chimathandiza khoti kutsimikiza zaka za mtsikana pamene makolo akuumirira kuti wakula.

Kumene ntchitoyi yaonetsa zipatso ndi kumene maofesi agwira pamodzi ndi zotsalira za dongosolo lakale. M'maboma angapo mafumu adakhazikitsa malamulo a m'dera olamula kuti zinamwali zizichitika pa tchuthi chokha, ndipo anamkungwi ena adavomera kuchotsa malangizo olimbikitsa ana kugonana n'kusunga a ulemu ndi ukhondo. Magulu a amayi a pasukulu amayendera atsikana ojomba, kuwalangiza za ukhondo wa pamwezi ndi kubweza m'kalasi amene adabereka, ntchito yofanana ndi imene azakhali ankagwira. Vuto limatsala pa tsiku lotsatira. Mtsikana wa zaka 15 akachotsedwa kubanja, amabwerera m'nyumba yomwe umphawi wake ndi umene udamukwatitsa, ali ndi khanda lofunika womulerera kuti iye alowe m'kalasi, ndipo ofesi ya chisamaliro cha anthu paboma, yomwe kawirikawiri imakhala ndi antchito ochepa ndi mafuta a galimoto osakwanira, siingathe kufika pakhomopo sabata iliyonse.